Kajuzi Kachikasu ka ku Chipata

Kalata yoti ndipume pa ntchito inandipeza ndili ndi choko m'manja. Ndinaiwerenga chiimirire pakhonde la sitandade faifi, ana akusokosera m'kalasi. Za kupumazo sizinandidabwitse, mawondo anali atandiuza kale. Chimene chinandiluma ndi mzere wa m'munsi: nyumba ya sukulu ndituluke pasanathe miyezi itatu, chifukwa mphunzitsi wina akuidikira.

M'nyumba imeneyo, kufupi ndi boma la Mchinji, ndinakhalamo zaka zoposa makumi atatu. Ndinalowamo ndili kamtsikana kochokera ku Ntcheu, ndili ndi mphasa imodzi, mapoto awiri ndi mwamuna wowonda wa ku Chiosya amene ankagwira ntchito ya ukalaliki pa boma. Pofika tsiku la kalatalo mwamunayo anali atanenepa n'kupuma kale pa ntchito, ndipo nyumbayo inali itadzaza moti pabalaza tinkadutsa cham'mbali.

Tinali titamanga kanyumba kathu ku Kamwendo, ka zipinda ziwiri ndi pabalaza. Loweruka lina amuna anga anapita kukayeza zipindazo ndi chingwe, ndipo anabwera ali ndwii.

"Mayi," anatero akuvula nsapato pakhomo, "nyumba ija ikwana ife awiri, kapena katundu wanu. Musankhe."

"Katundu wanga? Nanga mawailesi akufa asanu ali pamwamba pa kabatiwa ndi a agogo anga?"

"Amenewo sanafe. Akungodwala."

Sindikana, ndine wosunga zinthu. Botolo la mafuta ophikira likatha ndimalitsuka n'kuliika pambali. Pepala la shuga ndimalipinda bwinobwino. Makope a ana amene lero ali ndi ana awoawo ndinali nawo m'makatoni mpaka kudenga. Ana athu atatu, onse ali kutauni, ankangoimba foni ndi nzeru zaulere: "Amayi, tayani zimenezo." Kutaya! Munthu wakula akuona mayi ake akusoka matumba a feteleza kuti apeze poyanika ufa, umuuze kuti ataye mpando chifukwa mwendo umodzi ukugwedera? Tinagwirizana kuti sititaya ndipo sitigulitsa. Tigawira anthu otizungulira amene zinthuzo zingawathandize.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sichinkatchulidwa pa mikangano yonseyi. Pansi pa bedi lathu, kukhoma kwenikweni, panali sutukesi yofiirira. Tonse awiri tinkadziwa kuti ilipo, ndipo kwa zaka zonsezo palibe anaitchulapo. Ndinkadziwa kuti tsiku lonyamula bedi lidzafika, ndipo ndinkaliopa kuposa kupuma pa ntchito.

Nkhani ya sutukesiyo ndi iyi. Ndili ndi pakati poyamba, pa miyezi isanu ndi iwiri, amuna anga anadzuka m'mamawa tsiku lina n'kupalasa njinga kudutsa pa boda mpaka ku Chipata. Anabwera dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, ali ndi mtolo pa kaliyala. Munali matewera, tizipewa tiwiri, timasokosi tosakwana ngakhale chala changa chachikulu, shawelo yoyera, ndi kajuzi kachikasu ka mabatani atatu. Anasankha chikasu chifukwa sitinkadziwa ngati wobwerayo ndi mnyamata kapena mtsikana. Ndinaziyala zonse pabedi, n'kumangoziyang'ana.

Tsiku lomwelo apongozi anga anatulukira kuchokera ku Chiosya atasenza dengu la mtedza. Ndinawakokera kuchipinda ndi chimwemwe kuti aone. Anaima pakhomo, osalowa.

"Izi n'zayani?"

"Za mlendo akubwerayu, amayi."

"Mlendoyo mwamuona?"

Iwo anatula dengu lija pansi pang'onopang'ono. "Mwana wanga, kuno sitigula mbereko mwana asanabadwe. Pindani, mubise."

Atachoka tinaseka. Tinali ophunzira ife, anthu a masatifiketi, ndipo mwambi umenewu ndinkauphunzitsa ndekha m'kalasi ngati chenjezo la anthu opupuluma. Sindinaganizepo kuti pali anthu amene amautsatira monga momwe ulili, mbereko yeniyeni ndi mwana weniweni.

Mwanayo anabadwa osalira. Anamwino anachita zonse zimene akanatha. Mmodzi wa iwo anandinong'oneza kuti anali wamkazi, ndipo ndi zokhazo zimene ndikudziwa za iye. Mwana wotere amamutcha nthayo, ndipo alibe maliro. Sakhoma bokosi, saimba nyimbo, amuna sapitako. Amayi achikulire anamukulunga m'kansalu n'kupita naye kumene amapita nawo, ndipo pobwera anasamba m'manja n'kuyamba kukamba za mvula. Ine anandiuza kuti ndisalire. "Ukalira utseka njira ya ena," anatero. Ndinamvera. Ndani akanafuna kutseka njira?

Apongozi anga sananenepo kuti "ndinanena ine." Anakhala nane milungu iwiri akundithowa ndi madzi otentha ndi kundiphikira phala, ndipo mpaka lero ndimawakumbukira ndi chikondi chifukwa cha manja awo aja. Koma mumtima ndinadziweruza ndekha kuti mwanayo tinamuthamangitsa ndi zovala. Mwana wa sukulu akanalemba zimenezi pa mayeso ndikanam'thetha ndi cholembera chofiira. Ndikakhala ndekha kuchipinda ndinkazikhulupirira. Amuna anga masiku amenewo ankangokhala pansi pa mtengo wa mango atapasula wailesi, tizitsulo tili mbwee pamphasa, ndipo ndinawakwiyira kwambiri kuti munthu angasamale bwanji za wailesi pa nthawi ngati imeneyo.

Ana atatu anabwera pambuyo pake, onse olira mokweza. Sindinawagulirepo ngakhale pini asanabadwe, ndipo palibe mmodzi amene ndinamuveka za m'sutukesi muja. Ndinkaopa. Chaka chilichonse nyengo yotentha, ndikatsala ndekha pakhomo, ndinkaikoka, n'kuikamo timibulu tatsopano ta mankhwala a njenjete, n'kugwira kajuzi kaja pang'ono, n'kutseka. Misozi sinkabwera. Inali itazolowera kuletsedwa.

Tsono ntchito yogawa inayamba, ndipo ndinaphunzira msanga kuti kupatsa kuli ndi luso lake. Ukalengeza, mudzi wonse ubwera, ndipo amene amatsogola ndi a pakamwa, pamene wosowa weniweni waima kumbuyo ndi manyazi. Choncho ndinafunsa amayi anzanga a kutchalitchi kuti andiuze mwakachetechete makomo amene zinthu zavuta. Anthuwo ankabwera mmodzimmodzi, kudzera kuseri, ndipo katundu ankachoka atakulungidwa m'chitenje kuti a m'njira asawerenge.

Woyamba kundiphunzitsa anali mayi wina wamasiye, wachikulire, wolera zidzukulu zinayi. Ndinamupatsa poto wamkulu amene anakhala zaka zambiri kuseri kwa chitseko cha khitchini. Anathokoza atagwada. M'mawa mwake ndinangomva "odi," ndipo anali yemweyo, poto ali pamutu.

"Amadamu, ndabweza mlendo wanu. Amakodza pamoto."

"Amatani?"

"Ngobooka. Ngati mumafuna kutaya, dzala lanu ndaliona lili kuseri uko, si patali ayi."

Ndinatsala pang'ono kunena zija timanena ife opatsa, zoti wopempha sasankha. Koma mayiyo sanandipemphe, ndinamuitana ndine. Ndinadziwanso bwinobwino chifukwa chimene potoyo anakhalira kuseri kwa chitseko. Amuna anga anali pawindo akuseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo ndinaika lamulo: chimene ine sindingachigwiritse ntchito, sindipatsa munthu. Mapoto anapita kwa wokhoma zidebe kuti akamate. Zovala ndinachapa, kusita ndi kusokerera mabatani. Mayi uja anabweranso kudzatenga poto wake atamatidwa, ndipo ndinawonjezerapo matiresi a mwana wathu wotsiriza. Patapita masiku atatu anandiuza kuti msana wake wadabwa.

Zina zinapita kumene sindinkayembekezera. Makope aja anatenga mayi wogulitsa mandasi pa geti la sukulu, ndipo kwa mwezi wathunthu anthu a pa boma ankadya mandasi okulungidwa m'masamu olakwa, siginecha yanga ili pakona itanona mafuta. Jekete la mvula la amuna anga linapita kwa bambo wina wakabaza wa ana asanu. Mataye awo a ku ofesi ndinapatsa mkulu wina wa mpingo, koma imodzi ndinadzaiona ili m'khosi mwa mbuzi. Sindinawauze amuna anga. Anaiona okha, ndipo anati mbuziyo ikuoneka ngati bwana wawo wakale.

Nyumba inayamba kupuma. Mawu ankamveka mosiyana pabalaza, ndipo pakhoma panatsala zizindikiro zoyera pamene panali makalendala. Ndinadabwa kuona kuti sindikumva chisoni. M'mawa ndinkadzuka wopepuka, n'kumayang'anayang'ana choti ndipereke tsiku limenelo. Pansi pa bedi pokha ndi pamene tsache langa linkabwerera panjira.

Panali mayi wina amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse kudzagulitsa masamba. Ankachokera m'mudzi wa kufupi ndi dambo, mbali ya ku Kamwendo, atasenza mpiru, chayinizi ndi tomato wa kudimba kwake. Anali wamng'ono kwa wamkulu wa ana anga atatu aja, wosalankhula zambiri, koma woseka ndi maso. Mwamuna wake anawoloka malire kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Zambia, ndipo kuyambira pamene mvula inayamba sanamvekenso. Mayiyo anali woyembekezera, ndipo mimbayo inali itatsika. Unali mwezi wa Juni. Amene anagonapo ku Mchinji mwezi umenewo akudziwa mphepo imene imatsika m'phiri m'mawa. Iye ankafika pakhomo milomo itauma, atafunda kachitenje kamodzi. Ndinamupatsa juzi langa ndi beseni lalikulu, n'kumuona akupita, ndipo maganizo amene ndinkawathawa anandipeza: mwana ameneyu adzabadwa m'mphepo imeneyi, ndipo pansi pa bedi langa pali shawelo.

Ndinalimbana nawo maganizowo mlungu wathunthu. Lachiwiri lotsatira, amuna anga atapita kukaona amisiri ku Kamwendo, ndinagwada n'kukoka sutukesi ija. Mayi wa masamba atafika ndinamukhazika pakhonde, n'kuika sutukesiyo patsogolo pake, n'kutsegula.

"Izi ndi za mwana wanu akubwerayu," ndinatero.

Anadzuka ngati waona njoka. Manja onse awiri anagwira pamimba.

"Amadamu, tsekani! Chonde tsekani!"

"N'zatsopano, taonani. Palibe anavalapo."

"Mwandiona ndili ndi mwana ine? Mwamuona?" Anabwerera m'mbuyo. "Ndinataya kale wina chaka chatha. Uyu musandiyambire, amadamu, ndakupemphani."

Anasenza dengu lake n'kutuluka pa geti mothamanga, kuiwala ndi mulu wa tomato umene anali atandiikira pansi.

Ndinene zoona, choyamba kubwera chinali mkwiyo. Zaka makumi atatu ndikusunga, mlungu wathunthu ndikulimba mtima, ndiye munthu andithawe ngati ndamupatsa chiphe? Koma mkwiyowo sunakhalitse. Funso lake lija ndinali nditalimvapo kale, pakhomo la chipinda chomwechi, kuchokera kwa apongozi anga. Ine mphunzitsi, wodziwa kukalipira ana obwereza kalasi, ndinali nditabwereza cholakwa chomwe chija ndili ndi imvi. Ndipo ulendo uno mantha sindinadzipatse ndekha, ndinawasenzetsa mwana wa eni amene anali kale ndi ake. Ndinakhala pansi pakhondepo, sutukesi ili chitsegukire, ndipo ndinalibe mphamvu zoibweza.

Amuna anga anandipeza pomwepo masana. Anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kuima. Kenaka anakhala pansi pambali panga, mawondo akulira, n'kutenga kajuzi kaja. M'manja mwawo kanaoneka kakang'ono kwambiri.

"Panali kobiriwira ndi aka," anatero. "Ndinaima pa shopu paja nthawi yaitali. Mayi wogulitsayo anatopa nane, akuti, 'Tengani ka yelo, atate, mwana azaoneka bwino maningi.'"

Aka kanali koyamba kuti atchule za ulendo umenewo. Ndinawauza zimene zinachitika m'mawa, ndipo sanandidzudzule.

"Ndinkadziwa kuti mumaitsegula chaka chilichonse," anatero. "Mankhwala a njenjete sabisika, mayi."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndikananena chiyani? Inu anakuletsani kulira. Ine anandiletsa ndi kupita komwe. Sindikudziwa ngakhale mtengo umene anamuika pansi pake." Anapinda kajuziko monga momwe kanalili. "Mukukumbuka wailesi ija ndinapasula pansi pa mango? Inali yabwinobwino. Ndinangosowa chochita ndi manja."

Ndinawayang'ana bambo okalambawa amene ndagona nawo bedi limodzi moyo wanga wonse, ndipo ndinachita manyazi ndi mkwiyo umene ndinawasungira. Mawailesi asanu aja ndinali nditawanyoza tsiku ndi tsiku. Ndinawagwira dzanja, chinthu chimene sitichita pakhonde anthu akuona, ndipo tinakhala choncho mpaka ana a sukulu anayamba kuweruka.

Mayi wa masamba sanabwere Lachisanu. Sanabwerenso mlungu wotsatira, kapena winawo. Ndinkatuluka pa geti m'mawa kuyang'ana kumsewu. Ndinafuna kupita kwawo kukapepesa, koma amayi a kutchalitchi anandiletsa: ndikaonekera kumeneko asanachire, ndiye kuti ndawonjezera mantha. Ndinkangopemphera, ndipo pemphero langa linali lalifupi ndi lodzikonda. Ndinkati, Ambuye, mwana ameneyu alire, chifukwa akapanda kulira ine sindidzadzikhululukira.

Masiku osamuka anayandikira. Amuna anga ananyamula mawailesi onse asanu kupita nawo kwa wokonza wa ku Kamwendo, osandiuza kanthu, ndipo anabwera ndi imodzi yokha, yaing'ono, ikuyankhula. Zinayi zinapereka ziwalo kuti inzawo ichire. Bedi tinalimasula. Sutukesi inatsala yokha pakati pa chipinda chopanda kanthu, ndipo tinavomereza mosalankhulana kuti ikwera nafe lole, ikalowenso pansi pa bedi ku nyumba yatsopano.

Kutatsala tsiku limodzi, m'mawa ndikukolopa pabalaza, ndinamva "odi" wa mawu achilendo. Pakhonde panali mayi wachikulire wamfupi, mapazi ali mbuu ndi fumbi, atavala juzi limene ndinalizindikira msanga chifukwa linali langa. Anati ndi mayi ake a mayi wa masamba uja. Ndinasiya chokolopera n'kugwira chitseko.

"Musaope, amadamu," anatero. "Mwana wanu uja wachira. Watipatsa wamkazi."

"Analira?"

Anandiyang'ana modabwa, kenaka anaseka. "Kulira? Mudzi wonse sukugona. Mchombo wagwa dzulo, lero akutuluka m'chikuta. Ndiye mayi ake andituma. Akuti mukawauze amadamu kuti mwini wa katundu uja wafika tsopano, ngati sanakwiye."

Ndinawalowetsa m'nyumba yopanda mipando, tinakhala pamphasa. Ndikanatha kungopereka sutukesiyo, iwo n'kupita. Koma ndinakumbukira poto wobooka uja, ndipo ndinaona kuti sibwino kupatsa munthu chinthu utabisa chilema chake. Ndinawafotokozera zonse: za ku Chipata, za apongozi anga, za mwana amene sanalire. Ndinati ngati akuona kuti zovalazi zili ndi tsoka, azisiye, sindidandaula.

Anayang'ana sutukesiyo.

"Anavalapo?"

"Ayi. Ngakhale kamodzi."

"Ndiye si za malemu izi. Zimangodikira." Anakonza mpango wawo kumutu. "Nanga inuyo, mwanayo munamulira?"

"Anandiletsa."

"Tonse amatiletsa. Ine ndinataya awiri. Koma ife timakalirira kumunda, khasu lili m'manja, palibe amakufunsa chifukwa amayesa thukuta." Anandiyang'ana mwachifundo. "Inu aphunzitsi munalibe munda, eti?"

Ndinadzuka n'kukaitana amuna anga.

Tinanyamuka nthawi yomweyo kupita kumudzi kwawo. Ine ndi mayi achikulirewo tinakwera makabaza, amuna anga akutitsatira pa njinga yawo, sutukesi itamangidwa pa kaliyala ndi malamba a chubu. Ndikacheuka ndinkawaona akupalasa mwapang'onopang'ono, akuzemba maenje, dzanja limodzi likubwerera kumbuyo kukagwira katunduyo. Ndi mmene ayenera kuti anapalasira pochokera ku Chipata.

Kunyumbako kunali amayi angapo atakhala padzuwa kuseri kwa nkhokwe, kuthawa mphepo. Mayi wa masamba anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, mwana atamukulunga m'zitenje ziwiri zakale. Atandiona anagwetsa nkhope.

"Amadamu, tsiku lija ndinachita mwano."

"Wolakwa ndine, mwana wanga. Ndinayenera kudziwa kuposa wina aliyense."

Anatsegula yekha sutukesiyo. Amayi aja anaunjikana, akugwira matewera ndi kunena kuti nsalu zolimba chotere masiku ano kulibe. Fungo la mankhwala a njenjete linawayetsemulitsa onse, ndipo anayamba ayanika zovalazo pa udzu kuti zipitidwe mphepo. Dzuwa litakwera, agogo a mwanayo anatenga kajuzi kachikasu kaja, n'kukakung'untha, n'kuveka mdzukulu wawo. Kanali kakakulu. Anapinda manja ake kawiri, n'kumanga mabatani atatu aja. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mwana wakhanda sitipatsa aliyense," anatero, "koma inu ndi akuluakulu. Landirani."

Anali wopepuka, wofunda, ndipo ankanunkhira mkaka ndi utsi. Anatsegula diso limodzi, n'kukwinya nkhope, n'kuyamba kulira ndi mphamvu zake zonse, timanja tachikasu tikugwedezeka m'mwamba. Pamenepo zinandithera. Ndinalira mokweza, kulira kwa pamaliro, ine mayi wa imvi amene ana a sukulu ankandiopa. Ndinalira mwana wanga wamkazi amene sindinamuone nkhope. Ndinkadikira kuti wina anene kuti basi, musatero, koma palibe ananena. Mayi wina anangondiyala chitenje pamiyendo, wina n'kumandisisita pamsana. Agogo aja anauza anzawo kuti, "Asiyeni, ndi zakale," ndipo anandisiya mpaka ndinamaliza ndekha.

Amuna anga anali atakhala patali pa chitsa, monga amachitira amuna, akuyang'ana njinga yawo ngati yachilendo. Agogo aja anatenga mwanayo m'manja mwanga n'kupita naye komweko.

"Nanunso, bambo. Si inu munakagula?"

Anamulandira mouma manja, ngati sanalerepo ana atatu. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anakonza kolala ya kajuziko ndi chala chimodzi, ndipo ndinamva akunena chapansipansi kuti, "Anali kunena zoona mayi wa ku Chipata uja. Kakukhala bwino." Poti mwana samuona chimanjamanja, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kawailesi kaja. Anati mayi ake azimvera akamayamwitsa, nyumba isamachite zii.

Pochoka ndinafuna kutenga sutukesi yopanda kanthuyo, koma mayi wa masamba anaipempha, akuti makoswe a m'nyumba mwake salemekeza nsalu. Tinabwerera kaliyala ali mbee. M'mawa mwake lole inabwera, ndipo katundu wathu yense anakwana ulendo umodzi.

Tsopano tikukhala ku Kamwendo. Nyumba ndi yaing'onodi, koma timadutsana pabalaza osagundana, ndipo ndikamasesa kuchipinda tsache limafika mpaka kukhoma. Mabotolo ndayambanso kusunga, sindinama, ndipo amuna anga akuti akuwawerenga.

Mayi wa masamba amabwera tsiku la msika, ndipo akagulitsa amadzera kwathu kudzamwa madzi. Mwamuna wake sanabwerebe. Mwanayo tsopano akukwawa, ndipo wandithyolera kale kapu imodzi. Mphepo itayambanso chaka chino anabwera atavala kajuzi kaja. Manja ake sapindanso, afupika. Kathimbirira ndi phala kutsogolo, batani limodzi linasowa, ndipo pachigongono pabooka chifukwa cha kukwawa. Mayi ake anayamba kupepesa kuti sanakasamale bwino.

Ndinamuuza kuti asapepese. Ndinakasunga koyera zaka makumi atatu, ndipo sikanandisangalatsepo ngati tsiku limenelo. Ndinamuvula mwanayo, n'kumufunditsa chitenje changa, n'kutenga singano. Amuna anga anapita kukafunafuna batani m'chitini chawo cha tizitsulo ta mawailesi, ndipo anapeza lofiira. Silikufanana ndi anzake, koma likumanga.